A Beautiful Mind: filimu yogwira mtima, koma matendawa kwathu sanabwere chonchi

DVD iyi ndinaipeza pa mulu wa kaunjika ku Limbe, pakati pa mabuku akale ndi zidole za ana. Chikuto chake n'chong'aluka pakona koma chimbale chilibe zokanda, zithunzi zikuoneka bwino, ndipo mawu olembedwa m'munsi alipo. Amenewa anandithandiza kwambiri chifukwa Russell Crowe, wosewera wamkulu mufilimuyi, amalankhulira kukhosi m'malo ambiri. Filimuyi ndi ya maola awiri ndi mphindi 15. Ndaionera kawiri, koyamba ndekha usiku, kachiwiri ndi amayi, ine ndikuwamasulira.

Sindinaigule chifukwa cha masamu ayi. Achimwene anga akhala akudwala schizophrenia, matenda osokoneza maganizo, kwa zaka 11 tsopano, ndipo gadiyani wawo ndine. Buku lawo la kuchipatala limakhala m'chikwama changa, tsiku la jakisoni wa pamwezi ndimalidziwa kuposa tsiku langa lobadwa. Ndiye nditamva kuti pali filimu yotchuka ya munthu wodwala matenda omwewa, ndinafuna ndidzionere ndekha ngati anena zoona.

Nkhani yake ndi ya John Nash, katswiri wa masamu wa ku America amene anaphunzira pa yunivesite ya Princeton, nayamba kudwala mu 1959 ali ndi zaka 30, mkazi wake Alicia ali woyembekezera. Patapita zaka zambiri, mu 1994, analandira mphoto ya Nobel pa nkhani za chuma. Filimuyi inatuluka mu 2001, anaitsogolera ndi Ron Howard, ndipo inapata mphoto zinayi za Oscar. Kunena za luso, palibe chodandaula. Crowe akamayenda mokoka miyendo, maso ali pansi, manja osadziwa powaika, ndinaona achimwene anga enieni m'miyezi yawo yovuta.

Koma pali bodza limodzi lalikulu limene filimu yonse yatsamirapo. Nash wa mufilimu amaona anthu atatu amene kulibe: mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kamtsikana kakang'ono, ndi bambo wa chipewa chakuda wodzitcha wa boma. Amacheza nawo, amamwa nawo mowa, amakwera nawo galimoto. Nash weniweni sankaona anthu otere. Chimene chinamugwira ndi zikhulupiriro zosagwedezeka: ankati amuna ovala mataye ofiira akumupangira chiwembu, ankati mu nyuzipepala ya New York Times muli mauthenga obisika opita kwa iye yekha, mpaka anapita ku Ulaya kukayesa kutaya unzika wa dziko lake. Pambuyo pake anayamba kumva mawu. Kumva, osati kuona.

Wina anganene kuti n'zazing'ono, opanga filimu ayenera kuonetsa chinthu choti maso aone. Kwa ife osamalira odwala si zazing'ono. Achimwene sanaonepo munthu wosaoneka ngakhale tsiku limodzi. Zinayamba ndi wailesi. Tsiku lina madzulo anaizimitsa nkhani zili m'kati, n'kuikulunga m'chitenje cha amayi, n'kukaiika m'nkhokwe pansi pa chimanga, ati woulutsa mawu akunena za iwo. Kenako anasiya kudya nsima yophikidwa ndi wina aliyense kupatula ine. Ankakhala pakhonde mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera munthu ali kuseri kwa khoma, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, ndipo ukawaitana ankatembenuka mochedwa ngati wawadula pakamwa. Anasiya kusamba. Anasiya kuseka. Miyezi inatha ife tikuti mwina ndi chamba, ena akuti awalodza chifukwa cha sukulu, ndipo ndalama zambiri zinathera kwa asing'anga tisanafike kuchipatala. Banja limene laonera filimuyi n'kumadikira kuti mwana wawo ayambe kucheza ndi anthu osaoneka lidzachedwa ngati mmene tinachedwera ife.

Pomwe filimuyi yanena zoona zokhazokha ndi pa mankhwala. Nash akatuluka m'chipatala amangokhala pampando, mwana akulira m'manja mwake iye osamva kanthu, masamu osalowanso m'mutu, ngakhale mkazi wake osamufunanso. Ndiye amayamba kubisa mapiritsi m'dirowa. Apa ndinaimitsa kaye chimbale. Ine mapiritsi a achimwene ndinawapeza m'nsapato, okwana milungu itatu, atakulungidwa m'pepala la shuga. Sikuti anali amwano. Mankhwala akale aja monga chlorpromazine ndi haloperidol amagonetsa, amaumitsa khosi, amanjenjemeretsa manja, nthawi zina malovu amangotuluka okha. Mwamuna wa zaka 25 safuna kuti anzake amuone choncho. Titafotokozera adokotala anasintha mlingo n'kuwonjezera kapiritsi kena kofewetsa thupi, zinthu zinayamba kuyenda. Filimu zambiri zimaonetsa wodwala wokana mankhwala ngati wouma mutu. Iyi yaonetsa chifukwa chake, ndipo pa chimenechi ndikuithokoza.

Chithandizo cha insulin chimene amaonetsa mufilimuyi, chomubaya munthu mpaka kukomoka n'kumaphupha atamangidwa pabedi, chinachitikadi kwa Nash ku Trenton State Hospital mu 1961. Koma chinasiyidwa kalekale. Ndinayenera kuwatsimikizira amayi kawiri konse kuti masiku ano sachitanso zimenezo.

Amayi sadziwa Chingerezi, koma pofika pamene Alicia amalowa m'bafa usiku, n'kukuwa, n'kuswa galasi, sanafune womasulira. Anangoti, "Ameneyu watopa," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Jennifer Connelly, amene anasewera Alicia, anayeneradi mphoto yake ya Oscar. Komabe apanso asalaza nkhani. Mufilimu Alicia sachoka. M'moyo weniweni ukwati wawo unatha mu 1963. Mu 1970 anamulandiranso Nash m'nyumba mwake, osati ngati mwamuna wake koma ngati munthu wosowa kolowera, iye akugwira ntchito kuti adyetse banja, ndipo anadzakwatirananso mu 2001. Mwana wawo wamwamuna nayenso anadwala matenda omwewa. Kwa ine nkhani yeniyeniyi ndiye yokoma kuposa ya mufilimu. Mlamu wanga anachoka chaka chachitatu cha matenda, ndipo sindinamudepo, chifukwa ndinaona zimene anapirira. Akanationetsa Alicia wochoka n'kudzabweranso, akazi ambiri osamalira odwala akanapepukidwa mumtima.

Mapeto ndi amene andisowetsa mtendere. Nash wa mufilimu amazindikira yekha kuti kamtsikana kaja sikakula ngakhale zaka zikupita, choncho si kenikeni, ndipo kuyambira pamenepo amangowanyalanyaza anthu atatu aja. Zimaoneka ngati nzeru ndi kulimba mtima n'zokwanira. Chakumapeto amanena kachiganizo kamodzi koti akumwa mankhwala atsopano. Zoona zake n'zakuti Nash weniweni anasiya mankhwala mu 1970, ndipo anapeza bwino pang'onopang'ono m'zaka zoposa 20. Bodza ili lokha ndalikhululukira, chifukwa ndikudziwa chimene chimachitika kwathu jakisoni akadumpha mwezi umodzi: tulo timathawa, wailesi imayambanso kulankhula. Koma kachiganizo kamodziko n'kochepa mphamvu poyerekeza ndi theka la ola loonetsa munthu akugonjetsa matenda ndi mutu wake wokha.

Chimene ndikanakonda akanachikulitsa ndi Princeton. Kwa zaka zambiri Nash ankangoyendayenda pasukulupo, kulemba zosamveka pa mabolodi, kukhala mulaibulale, wopanda ntchito, ndipo sanamuthamangitse. Anali ndi malo opitako m'mawa uliwonse. Achimwene anga nawo ali ndi malo otere: bambo wina wokonza njinga pamsika amawalola kumata machubu ndi kupopa matayala, ndipo tsiku limene mutu sukuyenda amangowapatsa mpando. Chiyambire zimenezi amasamba okha osauzidwa.

Mu 2022 bungwe la zaumoyo la WHO linati munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300 alionse padziko lapansi ali ndi schizophrenia. Ambiri mwa iwo si akatswiri a masamu, komanso si zigawenga zonyamula mipeni monga timaonera m'mafilimu oopsa, kapena anthu ovala nsanza otola m'dzala chifukwa cha temberero monga m'masewero amene amaonetsedwa m'mavidiyo a kwathu kuno. Poyerekeza ndi amenewo, filimu iyi imamupatsa wodwala ulemu, ndipo mawu oti wamisala sakubwera m'mutu mwako ukamamuona Nash.

Ngati mukusamalira wodwala, igulani, muonere ndi abale amene amangonena kuti wodwalayo ndi waulesi. Ngati mukufuna kudziwa zizindikiro za matendawa, musadalire iyi, kafunseni kuchipatala. Achimwene anaona chikuto chake patebulo n'kufunsa kuti ndi ya chiyani. Ndinawauza kuti ndi ya munthu wodwala ngati iwo amene analandira mphoto yaikulu, ndipo anati akufuna kuionera. Ndawalonjeza kuti tionera limodzi Loweruka, tikabwerako ku jakisoni wa Lachinayi, ndipo rimoti idzakhala m'manja mwanga kuti pa dirowa paja tidzaime n'kukambirana.