Anyamata osamalira kapinga aja ntchito amaitha, koma za mbira musawafunse

Kapinga wa pakhomo panga pano akuoneka ngati wa pa hotelo, zimenezo sindingakane, munthu akadutsa pa geti amaima kaye n'kufunsa kuti mwaitana ndani. Komabe anyamata amenewa ndiwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Dzina la kampani yawo sinditchula, ndi aja amayenda ndi kapikapu kodzadza masipuleya ndi mashini odulira udzu kuno ku Lilongwe. Ziwiri ndachotsazo nkhani yake ndi mbira za mwana wanga.

Mbira zimenezi zinabwera ziwiri, agogo ake anamupatsa kumudzi ku Dedza, koma mbira kuswana ndiye osanena, miyezi iwiri ndi masiku pang'ono yabereka kale, ndiye pofika Januwale zinali 11. Mwanayu anazikhomera kakhola ka waya kopanda pansi, madzulo aliwonse akaweruka kusukulu amakakokera pa kapinga kuti zizidya zokha, kuwonjezera chisoso, kholowa ndi makoko a nthochi. Mvula itakhazikika bwalo lonse linadzadza khovani, chisoso ndi dawe, ine msana wozulira ndilibe, ndiye basi ndinawaimbira foni.

Kusunga nthawi ndiye amasunga, anati 8 koloko ndipo 8 koloko anali pa geti, atatu, maovololo ndi magambuti, wopopera anavalanso chotchinga kumphuno. Mtengo sunali woboola m'thumba kwenikweni. Asanayambe ndinawalozera khola lija n'kuwafunsa kuti achimwene, mankhwalawa sapweteka ziweto? Wamkulu wawo anangoseka, amvekere mayi musadandaule, zikangouma basi, ngakhale galu akhoza kugonapo. Ine n'kuvomera, eti. Apa ndi pamene ndinapusa.

Galu pa kapinga amangoponda, mwina kugubuduzika, kenako kukadya nsima yake kuseri. Mbira kapingayo ndiye nsima yake, imadya kuyambira m'mawa mpaka usiku osapuma chifukwa mano ake amakula moyo wake wonse, kathupi kake n'ka kilo imodzi kapena kuchepera, ndipo chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti mbira siitha kusanza. Galu akadya choipa amatha kusanza n'kupulumuka, mbira chomwe chalowa chalowa. Ndiye mawu oti "zikangouma" aja ndi a nyama zoyenda pa udzu, osati zodya udzu, ndipo anyamatawa kusiyana kumeneku sanakuganizeko n'komwe.

Chomwe chinandidzutsa ndi fungo, madzulo pakhomo ponse pamangonunkha mankhwala mpaka kuchipinda. Ndinati ndione botolo lake, kukumbukira kuti iwo anabwera nawo m'chigubu cha juwisi chopanda lebulo, mxii. Zimenezi zinandinyansa kwambiri, tili ndi Pesticides Control Board m'dziko muno yoona za mankhwala ngati amenewa, ndipo lebulo ija siyokongoletsera botolo ayi, ndi pomwe pamalembedwa kasakanizidwe ndi masiku oyembekezera ziweto zisanadye pamalopo. Nditawavutitsa ananditumizira chithunzi cha botolo lenileni pa WhatsApp, anali 2,4-D. Mankhwala akalekale awa, a zaka za m'ma 1940, amapha zomera za masamba otambalala n'kusiya udzu, n'chifukwa chake amawakonda pa kapinga. Koma sakhala pamwamba pa tsamba kuti mvula iwatsuke onse, amalowa mkati mwa chomera n'kumayenda ndi madzi ake, patapita masiku awiri atatu chisoso chija chinayamba kupindika ngati chagwidwa tsemwe. Tsono tangoganizani, chisoso chomwe chamwa mankhwala kwambiri n'chomwenso mbira zimathamangira poyamba.

M'mbali mwa mpanda ndi m'mipata ya njerwa anathira glyphosate, ambiri timangoti Roundup, ameneyo sasankha, amapha chilichonse chobiriwira. Vuto lake amapha mochedwa, sabata yathunthu udzu ukadali wobiriwira bwinobwino ngati palibe chachitika, mwana akhoza kumweta mtolo wonse osadziwa. Ndinamuuza mwana wanga kuti khola lisayandikirenso pa kapinga mpaka ndidzanene, ndipo anamvera.

Patapita sabata anabweranso kudzathira urea, apa ndiwayamikire, anathirira madzi okwanira mpaka timibulu toyera tija tinasungunuka tonse, ena amangomwaza n'kumapita, nkhuku n'kumatola. Kenako sabata ina anabwera ndi mashini kudzadula, ndipo apa ndi pamene zinatiwonongekera. Udzu wodula uja anauunjika pansi pa mtengo wa mango kuti adzautenga mawa, mwana pobwera kusukulu waona mulu wa udzu wofewa, iye kuganiza kuti amayi analetsa kapinga wa pansi osati wodula, watapa beseni lonse kukakhuthulira mbira. M'mawa kulowa m'khola kuli zii, inu mukudziwa mmene zimalilira zikamva phazi la munthu, koma tsiku limenelo ziwiri zinangodzikunga pakona mimba zitatupa ngati ng'oma, osadya, zitosi osaoneka.

Aneba anga ena, ndi mtima wabwino ndithu, anabwera ndi kapisozi wa amoxicillin kuti tisungunule m'madzi ngati mmene amachitira ndi nkhuku zawo. Mwamwayi ndinathamangira kaye kwa dokotala wa ziweto, ndipo iye anandiuza kuti ndikanazimaliza ndekha, mankhwala a gulu la penicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbira tomwe timagaya udzu, mbira n'kutsegula m'mimba mpaka kufa. Anandifotokozeranso kuti udzu wodula ndi mashini, kaya ndi wopopera kaya ayi, sapatsa mbira kapena akalulu, chifukwa ndi wonyenyeka ndipo ukaunjikidwa umatentha n'kuyamba kusasa pa maola ochepa, ukalowa m'mimba umapitiriza kutulutsa mpweya womwe ulibe kotulukira. Kuphatikizapo utsi ndi oyilo wa mashiniwo, kuphatikizaponso mankhwala ndi feteleza zija. Imodzi inatsitsimuka titaimwetsa ndi sirinji kwa masiku atatu. Ina, yaikazi ya mawanga ofiira yomwe inali ndi bere, inafa usiku womwewo, mwana analira mpaka kukana nsima.

Nditawaimbira, wamkulu wawo uja anabwera yekha mawa lake, sanakangane nane, anapepesa, anati mayi ife tinazolowera nyumba za agalu, za mbira sitinaziganizire. Ndinamukhulupirira chifukwa nkhope yake inachita kugwa ataona mwanayo. N'chifukwa chake sindinawapatse nyenyezi imodzi. Koma munthu woyenda ndi poizoni m'makomo mwa anthu ayenera kufunsa yekha kuti pakhomo pano pali chodya udzu? Mbira, akalulu, mbuzi yomangirira, zonsezi ku Area 25 kuno zili mbwee. Anandiuzanso kuti ali ndi mankhwala a chiswe oti athire pa bwalo lonse, ndinakana pomwepo, ophera tizilombo ndiye oopsa kuposa ophera udzu pa tinyama tating'ono, fipronil yemwe uja amene ena amathira agalu pofuna kupha nthata amapha kalulu.

Nthawi yonse yodikirayi vuto linali chakudya. Simungazitsekere pa madeya okha, mbira zili ngati ife anthu, thupi lake silipanga vitamini C, zikasowa zamasamba zaziwisi kwa masabata angapo zimayamba kutupa m'mfundo, kutsimphina, ubweya kunyankhalala. Ndiye ndinkagula nsenjere ndi kholowa kwa amayi ena a kudimba omwe ndimawadziwa, titsabola tobiriwira tosawawa tija totsala pa msika, makoko a chimanga chachiwisi. Udzu wa m'mbali mwa minda ya anthu ndinasiya, masiku ano alimi ambiri sakupalira ndi khasu, akupopera, ndiponso chimanga amachithira mankhwala a mbozi, ndiye pomweta pamafunika kufunsa kaye mwini munda.

Pa kapinga wopoperayo ndinadikira mpaka atadulidwa katatu, zodulazo kukataya kudzala, mvula nayo itavumbapo kambirimbiri, komabe mtima sunandilole kubwezerapo khola. Chomwe tinagwirizana n'chakuti kuseri kwa kitchini, malo ngati mayadi asanu mbali zonse, ndi a mbira, takhomapo zikhomo ndi chingwe cha buluu, pamenepo sipafika sipuleya, feteleza kapena mashini, mwana amamweta ndi chikwakwa ndipo manyowa ake ndi zitosi za mbira zomwezo. Akamapopera kwina ndimawauza ayang'ane kaye komwe mphepo ikulowera, komanso abwere ndi botolo lenileni ndiwerenge ndekha.

Kodi ndingawaitanenso? Ndinawaitana kale, akubwera Loweruka kudzadula. Dawe uja ndiye sanafe, 2,4-D samugwira bwino chifukwa cha timbatata take ta pansi, ameneyo ndawauza abwere ndi makasu.