Kachipangizo ka m'khutu kapena chinenero chamanja?

Agogo anga a ku Chinamwali, ku Zomba, atayamba kuvutika kumva, tinaganizira njira ziwiri. Kachipangizo ka m'khutu kamakweza mawu, ndipo kamathandiza kwambiri munthu amene akumvabe pang'ono. Koma kukayezetsa makutu tinachita kupita ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth. Mabatire amatha msanga, thukuta ndi chinyezi cha m'dzinja zimakawononga, ndipo mumsika wa Zomba phokoso lonse limakwerera limodzi mpaka agogo amangokachotsa.

Chinenero chamanja sichifuna batire, koma a pakhomo onse ayenera kuchiphunzira. Bungwe la anthu osamva ku Malawi la MANAD limachilimbikitsa. Mwana wobadwa wosamva ndingamuyambitse chimenechi akadali wamng'ono. Agogo tinawapezera kachipangizo, ndipo polankhula timawayang'ana kumaso, osawakuwira.