Ndinagula puloti kwa akampani aja a zithunzi za mapiri, nyenyezi ziwiri ndi theka basi

Papita chaka ndi miyezi inayi chigulireni puloti kwa akampani ena ogulitsa malo muno mu Chipata, ndiye manje ndingathe kunena zoona zake osati za tsiku loyamba lija munthu ukungomwetulira ndi risiti m'manja. Dzina lawo sinditchula, muwadziwa nokha, ndi aja amaika zithunzi za mapiri obiriwira pa Facebook n'kumati bwerani kumphepo yabwino kutali ndi phokoso la ku Kapata. Pa nyenyezi zisanu ine ndiwapatsa ziwiri ndi theka, ndipo theka lakelo ndi la mtsikana wa pa ofesi yekha amene amayankha foni ngakhale akudziwa kuti ndikuimbira kuti ndikalipe.

Ndiyambe ndi zabwino asanene kuti ndine wansanje. Kalipiridwe n'kofewa, umapereka dipoziti ndiye zotsalazo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi pa Airtel Money, risiti imabwera tsiku lomwelo palibe zoti bwerani mawa. Loweruka amakunyamulani ulere pa minibasi kukaona malo. Puloti yanga ndi mamita 20 kwa 30 ndipo mabikoni onse anayi anandionetsa, ndinawaponda ndi phazi langa, palibe wina anabwerapo kudzati ndi pangapo ngati zimene timamva kwina. Kwa munthu amene wakhala pa lendi ku Mchini zaka 11 alandilodi akukweza Januwale aliyense, zimenezo zokha zinali zokwanira kundigwetsa.

Ndipo sindine ndekha. Chichokereni pamene Chipata anakhala mzinda mu 2017 aliyense akufuna kake, koma tauni yathu munaiona nokha ili m'mbale, mapiri mbali zonse, anthu akwera mpaka m'mbali mwa Kanjala, ndiye otsalafe tikutulukira m'misewu iyi, ya ku Lundazi, ya ku Mfuwe, ya ku Chadiza, ya ku Mwami. Ukangodutsa nyumba zomaliza walowa m'malo a mafumu, m'minda ya anthu. Izi akampani sakuuza mu minibasi muja, amangoti malo anali tchire.

Tchire lake liti? Tsiku limene ndinapita ndi anyamata kukakumba faundeshoni mizere inali ikuonekabe bwinobwino, mtedza wongomera wokha uli apa ndi apo, ndipo pakati penipeni pamene mapulani anga anaika sitingirumu panali mtengo wa mango waukulu. Tili mkati moyeza ndi chingwe tinangoona agogo ena aima chapatali khasu lili paphewa, akutiyang'ana osanena kanthu. Ndinawayandikira n'kuwapatsa moni, ayankha bwino ndithu, kenako akuti, “Atate, ndinu mwagula pano?” Ndati inde agogo. Akuti, “Chabwino, mangani. Koma mango uwu anabzala ndi malemu amuna anga chaka chimene tinalowa m'banja, ngati n'kotheka musaudule.” Anyamata anga aja chingwe anangochisiya pansi.

Tinakhala pansi pa mtengo womwewo ndipo anandifotokozera. Munda unali wa banja lawo, anagulitsa ndi mwana wa achimwene awo atamvana ndi akuluakulu a m'mudzi, iwo anangouzidwa zitatha kale. Ndalama zimene zinawafika anagula malata ndi njinga, zina anagawana, zinathera pomwepo. Lero amabwereka munda kutali kuseri kwa phiri, kudzuka tambala woyamba pa msinkhu umenewo. Ndiye taŵerengani nane, lima imodzi ndi mamita 50 kwa 50, ndiye kuti masikweya mita 2,500, puloti yanga ndi 600, kutanthauza kuti mu lima imodzi mumatuluka mapuloti anayi, kapena atatu ukachotsa msewu. Agogo atanditchulira zimene banja linalandira pa munda wonse ndinachita manyazi kunena zimene ine ndinalipira pa kachidutswa kamodzi. Bizinesi ndi bizinesi inde, koma apa akampani anadya mpaka kunyambita mbale.

Za mapepala ndiye pamene ndawachotsera nyenyezi yathunthu. Potsatsa ankati taitolo ili m'njira, mpaka lero ikadali m'njira, kaya njira yake ndi ya ku Lusaka wapansi. Chimene ndili nacho ndi pangano logulitsirana, kamapu kojambula ndi fotokope ya kalata ya mfumu. Anzanga, kalata ya mfumu si taitolo. Lamulo la malo la 1995 limati malo a mafumu kuti asanduke a lizi, ndiye kuti obwereka ku boma pa taitolo, pafunika chilolezo cha mfumu, khonsolo ivomereze, kenako zipite kwa Commissioner of Lands, ndipo kuti upeze lizi ya zaka 99 pafunika dayagiramu ya saveya wovomerezeka osati kamapu ka mnyamata wa tepi. Ine zonsezi ndazidziwa ndalama zitapita kale. Musanapereke ngakhale ngwee afunseni akuonetseni taitolo ya malo onsewo ndipo mukafufuze nokha ku Ministry of Lands ngati dzina lili pamenepo ndi lawodi. Ndipo chinthu china chimene anthu a m'mudzi ambiri sauzidwa, malo akangolowa pa taitolo achoka m'manja mwa mfumu, mdzukulu sangabwere mawa kudzapempha polima pamene panali pa agogo ake.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi mapu aja a pa khoma la ofesi yawo. Kumunsi kwa mapuloti kuli dambo ndi kamtsinje, ndipo pa mapu mbali yonseyo anaipaka mtundu wobiriwira, mnyamata wotsatsa akuloza ndi bolopeni kuti apa bwana sitigulitsa, mitengo ikhala, ana anu azidzasewera apa. Ine ndinasankha dala puloti yoyang'ana kumeneko ndipo ndinawonjezera ndalama chifukwa cha zimenezo. Patangotha miyezi isanu ndi itatu ndinapeza mabikoni m'dambo muja, lero muli mafaundeshoni anayi, ina ili pamene panali madimba a amayi a m'mudzi, pamene ankalima repu, tomato ndi nzimbe zokagulitsa ku Saturday Market. Nditafunsa ku ofesi akuti mapu aja anali akale. Ndati nanga ndalama zanga zowonjezera zija nazonso zakale? Mtsikana uja anangoyang'ana pansi, abwana ake akuti ali mu miting'i, miting'i yake sinathe mpaka lero.

Dambo si malo ongokhala ayi, ndi pamene madzi a m'phiri amafikira n'kupuma. Ukatsekapo ndi simenti madzi amafuna pena podutsa. Mvula ya mu Januwale inatiphunzitsa, madzi anatsika m'phiri lopanda mitengo lija ngati atumidwa, msewu umene akampani anangopalapo kamodzi ndi gireda popanda ngalande unasanduka chigwembe chofika m'chiuno, matumba anga 12 a simenti amene ndinasunga mu kashedi ananyowa onse n'kuuma gwa ngati miyala. Pikapu ya mchenga sifika, timatsitsira kumtunda n'kumatuta ndi wilibala.

Apa ndisanamizire akampani okha, nafenso ogula tili ndi mlandu. Phiri lija pamene ndinkabwera koyamba linali ndi masuku, agogo aja amati nthawi ya dzinja ankazula bowa pomwepo, manje ndi zitsa zokhazokha. Anadula ndani? Ifeyo. Aliyense akufuna njerwa zootcha chifukwa mabuloko ndi odula, uvuni uliwonse umadya mitengo yosaŵerengeka, ine ndemwe ndinagula ngolo zitatu za nkhuni osafunsa kuti zachokera kuti pamene ndikuona ndi maso kumene ngolo ikutsikira. Onjezani malasha, makamaka mu 2024 muja chilala chitavuta malaiti akuzima tsiku lonse mbaula iliyonse m'tauni ikuyaka. Kansitu kamene katsala kudera lonselo ndi ka kumanda kokha, chifukwa kumeneko nkhwangwa imaopa.

Akampani ankati madzi abwera, malaiti abwera. Mapolo anathera kumsewu waukulu, mapaipi ochokera ku damu la Lutembwe kuno sanafike, ndiye amene ali ndi ndalama akuboola zitsime zawo m'mipanda, ena tonse timagula pa dilamu. Chitsime cha m'mudzi chija chosazama chimauma msanga masiku ano, kaya ndi chilala kaya ndi ife, koma amayi amene anabadwira pompo manje amagogoda pa geti ya munthu wobwera dzulo kupempha madzi, ena amawapatsa ena amawagulitsa pa chigubu. Ndipo zimbudzi za anthu omanga m'dambo aja zikakumbidwa, madzi a kumunsi adzamwa ndani ine kaya.

Njira nazonso. Akampani podula mapuloti sanafunse kuti anthu amadutsa pati, anangojambula mabokosi pa pepala. Njira ya ng'ombe yopita kudambo inagwera mu puloti ya aneba anga, iwo amanga mpanda, ng'ombe zikuzungulira kudutsa m'misewu yathu, tsiku lina zinadya kabichi wa amayi ena mpaka nkhani inakafika kwa amfumu a m'mudzi. Kuno ndi kwa Angoni, ng'ombe si chinthu choseweretsa, ndipo mnyamata woŵeta anayankha bwino kuti ng'ombe sizidziwa bikoni. Njira ya kumanda nayo inatsekedwa, maliro ena tinaona anthu atanyamula bokosi akukhotakhota m'mbali mwa mipanda ya anthu, ife omanga tinangosiya mafosholo n'kuima chilili, nkhope zonse pansi.

Sindikunena kuti a m'mudzi onse akulira. Anyamata akupeza maganyu, kukumba, kuumba njerwa, kutunga madzi, ena agula njinga zamoto akunyamula anthu kupita m'tauni, amayi akugulitsa zitumbuwa ndi thobwa kwa omanga ndipo zimatha isanakwane 10 koloko. Mnyamata wina amene amandisakanizira simenti anandiuza poyera kuti iye bola tauni ibwere, kulima kudikira fetereza wotsika mtengo wa boma uja wa FISP kwamutopetsa. Ndinamumvetsa. Koma maganyu amenewa atha tsiku limene nyumba yomaliza idzafoleredwe, munda wa atate ake ndiye sudzabweranso, ndinamuuza choncho iye anangoseka n'kupitiriza kusakaniza.

Ndiye kodi mugule kwa akampani amenewa? Ngati mukufuna pongoika mutu ndipo muli ndi mtima wodikira mapepala, puloti akupatsani ndithu, si akuba othawa ndi ndalama. Koma pitani nthawi ya mvula osati mu Ogasiti, tsikani mu minibasi muyende nokha mpaka m'mudzi mukapereke moni kwa anthu mufunse kuti munda unali wa yani ndipo onse anavomera kapena ayi, ndipo chilichonse chobiriwira chimene akulozerani pa mapu auzeni achilembe mu pangano asayine. Akakana mwadziwa kale.

Mango uja sindinadule. Nyumba ndinaisuntha mamita atatu kupita kumbuyo, amisiri anadandaula kuti khitchini yachepa, ndipo mu Disembala adzukulu a agogo aja anabwera ndi beseni kudzatola, anatisiyirako ena pa mulu wa njerwa. Manje nyumba yafika pa lintala ndipo amayi a kunyumba ayamba kale kufunsa za mpanda ndi geti, akuti akuba. Ndawauza kuti tiyambe tafolera kaye.