Bwalo ndi labwino, vuto ndi mkulu wa pa kanyumba koyambira

Bwalo la gofu ili ndalipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri ndachotsazo zapita chifukwa cha munthu mmodzi, mkulu wa chipewa chamlaza amene amakhala pa kanyumba koyambira n'kumaitana mayina. Udzu ulibe mlandu, ndipo ndinena zabwino zake, koma ndiyambe ndi zimene zinandikwiyitsa.

Bwaloli lili m'mudzi wa opuma ntchito kufupi ndi Ocala, ku Florida. Si mudzi waukulu wotchedwa The Villages ayi, kuja kuli mabwalo aafupi opitirira 40 ndipo anthu amapita kugolosale ndi kutchalitchi pa tingolo ta gofu. Uno ndi mudzi waung'ono wa geti limodzi ndi bwalo limodzi la mabowo 9. Kumakhala asebele anga, bambo ake a mkamwini wanga, munthu wa zaka 79 amene anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno ndipo amayenda ndi ndodo. Iwo monga eni mudzi salipira kusewera, amangolipira ya kangolo. Ine anandilembetsa ngati mlendo wawo, ndalama ya mlendo ija ya $22 inaperekedwa dzulo lake, dzina langa lili pa pepala.

Tinafika nthawi yathu isanakwane. Ndavala nsapato za gofu, golovesi ili kudzanja, chikwama changa chili kumbuyo kwa kangolo pambali pa cha asebele. Mkulu uja anayang'ana pepala, n'kuyang'ana asebele, n'kuyamba kulankhula ndi iwo okha. Akuti wothandiza wanuyu akhoza kuyendetsa kangolo ndi kukuikirani mpira pa tee (kamtengo koikapo mpira poyamba bowo), koma asamenye, malamulo salola. Ine ndili pompo, pafupi moti akanatha kundigwira phewa. Asebele anamuuza kuti uyu si wantchito wanga, ndi mlendo wanga, mwana wake anakwatiwa ndi mwana wanga, dzina lake ndi lachiwiri pa pepalapo. Mkulu uja anawerenganso, dzina lamukanika kutchula, n'kufunsa asebele ngati ndili ndi chiphaso. Anafunsa asebele, osati ine. Ndinatulutsa chiphaso, anachitembenuza uku ndi uku, kenaka anatenga wailesi yake kuitana ku ofesi kuti atsimikize.

Pamene ankadikira yankho anadutsitsa magulu awiri amene anali kumbuyo kwathu. M'gulu lachiwirilo munali abambo awiri a ku Ohio, alendonso ngati ine, ankanena okha mokweza kuti abwera kudzaona mchimwene wawo. Palibe anawafunsa chiphaso. Anangowakodolera dzanja kuti pitani. Ife tinakhala padzuwa pafupifupi theka la ola, asebele akunjenjemera milomo ndi mkwiyo, ine ndikuwaletsa kuti asatsike pa kangolo chifukwa cha chiuno chija. Yankho litabwera mkulu uja anangoti basi mukhoza kupita. Pepani sanatuluke.

Ndimveke bwino apa. Ntchito yosamalira okalamba si yonyozeka, mwana wanga yemwe ndi namwino, ndipo m'midzi imeneyi ambiri ogwira ntchitoyi ndi anthu akuda a ku Haiti, Jamaica ndi kwathu ku Africa. Akanandifunsa kuti bambo, mukusewera kapena mwangoperekeza, ndikanayankha bwinobwino nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chinandiwawa ndi kukambidwa ndili pomwepo ngati sindimva, komanso kuona kuti lamulo la chiphaso limadzuka likaona nkhope zina. Mlendo ndi mame, mawa ndikwera ndege, koma asebele atsala ndi manyazi amene sanawapalamule, pamudzi pamene amalipira mwezi ndi mwezi.

Bowo loyamba ndinalisewera mtima uli m'mwamba, mpira unakagwera mu mchenga. Koma pofika lachitatu ndinayamba kuona kuti bwaloli linakonzedwa ndi anthu oganiza. Mabowo 7 ndi a par 3, awiri ndi a par 4, zonse pamodzi par 29 (par ndi chiwerengero cha kamenyedwe kamene katswiri amayenera kumalizira bowo). Lalifupi kwambiri silifika mayadi 100 kuchokera kutsogolo. Driver, ndodo yomenyera patali, ndinaitulutsa pa mabowo awiri a par 4 aja basi, kwinako ndi ndodo zomenyera pafupi: ma iron aafupi, wedge ndi putter. Amene tinazolowera mabowo 18 a ku Lilongwe Golf Club, caddie akunyamulira chikwama ndi kukuwerengera green (malo a udzu wosalala pamene pali bowo), timaganiza kuti bwalo lotere ndi masewera a ana. Ayi ndithu. Ma green ake ndi aang'ono, okwera pakati, ukangophonya pang'ono mpira ukutsetserekera m'mbali, ndipo palibe par 5 yoti ukabwezerepo zimene wataya. Udzu wake ndi wa Bermuda, umene umagonera mbali imodzi: ukamenya motsata pamene wagonera mpira umathamanga, ukamenya motsutsana nawo umafera panjira. Palibe caddie wokuuza zimenezi, umaphunzira ndi ma putt atatu, kugubuduza mpira katatu pa green usanalowe m'bowo.

Chimene chinandichotsa mkwiyo kwenikweni ndi amayi awiri amene anatiphatikiza nawo titataya malo athu. Mmodzi anali wa zaka za m'ma 80, wochepa thupi, atavala siketi yoyera ndi chipewa chotchinga dzuwa. M'chikwama mwawo munali ndodo zosakwana khumi, zambiri ma wood, ndodo za mutu waukulu. Samenya patali, mwina mayadi 90, koma mpira wawo sudziwa kukhota. Umakwera pang'ono, n'kutera, n'kugudubuzika mpaka pakamwa pa green. Akafika pamenepo ma putt awiri, atola, akwera kangolo. Sayeserera kumenya kaye, sayang'ana mphepo, safunsa kuti ndani ali kutali. Amene wakonzeka amenye. Pa bowo 7, lodutsa pamwamba pa dziwe, ine ndinaponya mpira m'madzi ndikufuna mbendera, iwo anazungulira cha kumanzere kumene kuli mtunda n'kulemba 4 pamene ine ndikulemba 5. Atandiona ndikusuzumira m'mphepete mwa madzi anandikoka malaya. Pa udzu wa tsidya linalo panali patagona alligator, ng'ona ya kuno, kukamwa kuli yasa, ikuothera dzuwa. Anandiuza kuti mpira wa m'dziwe umenewo ndi wa ng'onayo. Kenaka anatulutsa mpira wachikasu m'thumba mwawo n'kundipatsa, akuti wachikasu suvuta kuona. Anali ataona zonse zija za pa kanyumba, ndipo pa bowo 8 anangondiuza mwachidule kuti mkulu ameneyo si koyamba, iwo akalankhula ku komiti.

Ranger woyendera bwalo nayenso anali munthu. Anatipeza pa bowo 5, anatipatsa moni tonse anayi, n'kutidzazira botolo la mchenga wothira pamene wakumba udzu. Mabowo 9 onse tinamaliza mu ola limodzi ndi mphindi 40, asebele osadandaula chiuno. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake mabwalo aafupi amenewa achuluka m'midzi ya okalamba. Lamulo la ku America la 1995 limalola mudzi kukhala wa achikulire okhaokha ngati nyumba 80 pa 100 zilizonse muli munthu wa zaka 55 kapena kupitirira, ndiye bwalo limamangidwira mawondo ndi misana ya anthu amenewo: tee, pamalo poyambira bowo, ili pafupi ndi njira ya kangolo, bunker (dzenje la mchenga) ndi yosazama moti umalowa ndi kutuluka osagwira munthu, chimbudzi ndi madzi ozizira zili pakati pa ulendo. Munthu amasewera m'mawa, n'kukapezeka kwa dokotala 11 koloko.

Zina ndi zazing'ono. Ma tee ena ndi odyeka pakati chifukwa aliyense amamenya ndi iron pamalo amodzimodzi. Mbalame zazitali miyendo za sandhill crane zimayenda pa fairway (njira ya udzu wodula yopita ku green) ngati zinalipira, sizithawa, umangodikira. Ndodo zobwereka za mu shopu ndi zakale, zogwirira zake zoterera, bwerani ndi zanu. Malaya akhale a kolala, jinzi salola. Ku ofesi tinalemba kalata, anayankha ziganizo ziwiri zothokoza chifukwa cha maganizo athu, ndipo mkulu uja adakali pa kanyumba pake. Asebele afufuza masiku amene mkuluyo sagwira ntchito, ulendo wina tidzalembetsa masiku amenewo.

Kwa $22 bwalo lokha ndi loyenera, makamaka ngati mukufuna kunola ma iron aafupi kapena mukusewera ndi munthu wamkulu amene mabowo 18 angamuvute. Kuyambira Januwale mpaka Malichi kumadzaza ndi othawa chisanu kumpoto, nthawi yosewera imavuta kupeza, mlendo amakhala womalizira pa mndandanda. M'miyezi yotentha sewerani m'mawa, chifukwa masana mitambo imaunjikana, sayirini ya mphezi ikalira aliyense amachotsedwa pabwalo. Chiphaso chikhale m'thumba ngakhale dzina lanu lili pa pepala, ndipo pa bowo 7 gwiritsani mpira wakale.