Dekoda ya DVB-T2 ndi yabwino, koma kaeriyo kam'bokosi kasiyeni

M'mashopu a zamagetsi ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, wofuna TV ya digito amamugulitsa zinthu zingapo pamodzi: dekoda ya DVB-T2, rimoti, adaputala ya magetsi ndi waya wa mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Ogulitsa ambiri amawonjezerapo kaeriyo koimika pamwamba pa TV ndi kawaya kopyapyala kolumikizira eriyo. Dekodayo imagwira ntchito yake bwinobwino. Zowonjezerazo ndi zimene zimabweza anthu kushopu akudandaula kuti anawagulitsa chakufa.

Musanatulutse ndalama, onani pabokosi ngati palembedwa DVB-T2, dzina la njira youlutsira TV ya digito, ndi 2 yemweyo. Malawi anasankha njira imeneyi posamukira ku digito motsatira mgwirizano wa ITU (bungwe la United Nations loona za mauthenga), umene unaika 17 June 2015 kukhala tsiku losiya kuulutsa mwa analogi m'chigawo chathu chino. TV yakale yochokera ku Britain yolembedwa DVB-T yokha siigwira kanthu kuno, ngakhale ikhale yopyapyala bwanji. Za ku Japan ndi ku America zimayendera njira zina, nazonso zimafuna dekoda. Funsaninso wogulitsa kuti dekodayo ikutsegula machanelo ati, ndipo ayatse muone ndi maso anu. Kiliye Kiliye ndi ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, GOtv ndi ya MultiChoice ndipo imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Dekoda wamba siitsegula chanelo chokhomedwa.

TV yachimbuyo chachikulu ija musaitaye. Waya wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi a mawu, ndipo mukalumikiza muike TV pa AV. Ngati TV ili ndi polowetsa HDMI, gulani waya wa HDMI padera, chifukwa wa mitu itatu umafooketsa chithunzi, zilembo za nkhani zodutsa pansi zija n'kumaoneka ngati zanyowa.

Tsopano kaeriyo kaja. Pa analogi, siginolo ikachepa munkaonerabe mpira mkati mwa mchenga. Digito ilibe zimenezo. Siginolo ikatsika pang'ono chithunzi chimasweka timabokosi, mawu n'kumadukaduka ngati munthu wachibwibwi, kenako mdima. Denga la malata limatchinga mafunde a UHF, amene amanyamula siginolo ya TV, ndiye kaeriyo kam'nyumba kamathandiza okhawo okhala pafupi ndi nsanja youlutsira, makamaka amene akuiona ali pawindo. Ena tonse tikufunika eriyo yapanja, yaminga ija, pamlongoti wopitirira msonga ya denga ndi mita imodzi kapena mamita awiri. Paipi yachitsulo ndiyo yabwino. Nsungwi imapindika ndi dzuwa, ndipo mphepo ya mwera ikaomba eriyo imatembenuka n'kuloza kumunda.

Polozetsa pamafunika anthu awiri, wina padenga, wina pa TV. Yambani mwaona kumene kwaloza maeriyo a anzanu oyandikana nawo, ndiponso ngati minga yake yagona kapena yaima, chifukwa yanu iyenera kufanana nayo. Tsegulani menyu pamene pali mizere iwiri, Strength (mphamvu ya siginolo) ndi Quality (ubwino wake). Anthu amasangalala ndi Strength, koma mzere wofunika ndi Quality. Wapadenga atembenuze pang'onopang'ono, n'kumaima masekondi asanu kuti dekoda iwerenge. Mukapeza pamene Quality yakwera kwambiri ndipo sikudumphadumpha, mangani mabawuti, kenako chitani Auto Search. Kusaka machanelo eriyo isanaloze bwino n'kutaya nthawi, mupeza ochepa kapena osapeza n'limodzi lomwe.

Kawaya kopyapyala kaja ndiye mbava yeniyeni ya siginolo. Gulani waya wa eriyo wotchedwa RG6, wa 75 ohm, wokhala ndi nsalu yazitsulo yothithikana mkati. Yezani kutalika kofunika, muwonjezere mita imodzi, basi. Waya aliyense amadya siginolo, choncho mamita 30 okulungidwa kuseri kwa kabati akukuberani chabe. Akhale mmodzi kuchokera padenga mpaka padekoda, wopanda mfundo zomata ndi tepi.

Pomangira mutu wa F, kachitsulo kolumikizira ka kumapeto kwa waya, mpamene amisiri ofulumira amalakwitsa. Sendani khungu lakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, pindirani nsalu yazitsulo m'mbuyo, kenako chotsani choyera chamkati kuti kawaya kapakati katuluke mamilimita 7 kapena 8. Yang'anitsitsani pakuwala. Kaulusi kamodzi ka nsaluyo kakakhudza kawaya kapakati, siginolo yonse yapita, ndipo dekoda ina imalemba kuti eriyo yachita shoti. Polumikiza ku eriyo kulungani tepi yamagetsi mpaka pakhungu, ndipo waya asanalowe m'nyumba mumugwetse pansi pang'ono ngati chilembo U kuti madzi a mvula azidontha panja. Mukapanda kutero madzi amatsata wayayo mkati, n'kudzafika padekoda atachita dzimbiri lobiriwira. TV imene inkaonetsa bwino mu October n'kuyamba kuvuta mu January, kawirikawiri vuto limakhala limeneli.

Anthu ambiri amagula busitala osaifuna. Imakweza siginolo pamodzi ndi phokoso lomwe, ndiye siikonza eriyo yoloza kolakwika, ndipo pafupi ndi nsanja imachita kuzunguza dekoda. Imathandiza waya akakhala wautali kapena mukagawira ma TV awiri, poti chogawira chimadula siginolo pakati. Ngati eriyo yanu ili ndi busitala yodyera kudekoda, yatsani Antenna Power ya 5V m'menyu. Ngati ilibe, isiyeni yozima.

Chofooka cha madekoda otchipawa ndi adaputala ndi rimoti. Magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima, adaputala ndiyo imayamba kupsa, choncho chotetezera magetsi n'chofunika kugula tsiku lomwelo. Ikapsa, werengani mavoti olembedwa kuseri kwa dekoda musanagule ina, chifukwa ya 12V pa dekoda ya 5V imaotcha zonse. Dekoda isakhale pamwamba pa TV yotentha kapena pansi pa kansalu kokongoletsa, imafuna mpweya. Ziphaliwali zikayamba, kuzimitsa pasoketi sikokwanira, zulani ndi waya wa eriyo womwe.