Myuziyamu ya Florence Nightingale ku London, anamwino musaphonye

Ngati ndinu namwino kapena muli pa kosi ya unamwino ndiye mwapezeka ku London, chonde pitani ku Florence Nightingale Museum, ili pa chipatala cha St Thomas' mukangowoloka buliji ya Westminster. Ndi kamalo kakang'ono ndithu koma zomwe zilimo abale zimakhudza mtima.

Nyale ija yomwe Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku Britain, ankayenda nayo usiku poona odwala ilipo, ndipo siyofanana ndi ya pa zithunzi ayi, ndi ya ku Turkey yopindika, kandulo amaika mkati. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za mayiyu atafika ku chipatala cha asilikali ku Scutari, ku Turkey, mu 1854 ndi anamwino 38, nkhondo ya Crimea ili mkati, asilikali ambiri akufa ndi taifodi, kolera ndi kamwazi kuposa mabala a kunkhondo, mpaka anachita kujambula matchati kuti akuluakulu a boma aone okha kuti uve ukupha anthu.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mbali ya maphunziro. Sukulu yake inatsegulidwa mu 1860 pa chipatala cha St Thomas' chomwechi, chisanasamukire pamalo pomwe chili lero, ophunzira ankakhala chaka chimodzi akugwira ntchito mu mawodi, kugona konko, ametroni akulemba khalidwe lawo lonse. Unamwino unayamba kupatsidwa ulemu ngati ntchito yoyenera kuphunziridwa bwinobwino.

Kulinso kadzidzi woumikidwa yemwe ankaweta, dzina lake Athena, ana amamukonda zedi. Mukatuluka osathamangira basi, panja pali chiboliboli cha Mary Seacole wa ku Jamaica, chinaikidwa mu 2016, nayenso anasamalira asilikali ku Crimea.