Magalasi oonera mbalame atadutsa m'dzinja la ku Mangochi

Mnzanga wina amene amaperekeza alendo pa boti ku Cape Maclear wandifunsa ngati angagule magalasi oonera patali ofanana ndi anga, aja a 8x42 amene ndinawayamikira kwambiri nditangowagula mu Okutobala. Ndaganiza zomuyankha pano, popeza nthawi imene ndinkawatama anali asanakumane ndi chinyezi cha kunyanja kuno.

Zabwino zake zilipobe. Amakulitsa chinthu maulendo 8, ndipo magalasi akutsogolo a mamilimita 42 amalowetsa kuwala kokwanira ngakhale dzuwa lisanatuluke. Salemera pakhosi. Nkhwazi komanso mphipi za pachilumba cha Boadzulu, zimene timakhala nazo chaka chonse, zimaoneka bwino lomwe.

Komatu ine sindinawagulire nkhwazi. Ndinkafuna mbalame zachilendo zimene zimaswana ku Ulaya ndi ku Asia, n'kubwera kuno pothawa chisanu, kenako n'kubwerera m'Marichi ndi mu Epulo kwawoko kukayamba kufunda. Common sandpiper, kaja kamayenda m'mphepete mwa Shire kakugwedeza kumchira, sikavuta kukaona. Imene ndinkaidikira ndi white-winged tern. Ikamafika kuno imakhala yotuwa, yosakopa maso, koma ikatsala pang'ono kunyamuka thupi lake limayamba kuda bii, mapiko n'kutsala oyera, ndipo amene waphonya masabata ochepa amenewo amadikira chaka china.

Vuto linayamba mu Januwale. Mbali yakumanzere imachita nthunzi mkati, osati pamwamba poti munthu n'kupukuta ndi kansalu. M'mawa wina wa m'Marichi, kufupi ndi pamene Shire amalowera m'nyanja ya Malombe, gulu la mbalamezi linkauluka motsika n'kumatola tizilombo pamwamba pa madzi. Diso lamanja linkaona bwinobwino ina imene inali itayamba kale mawanga akuda pachifuwa, pamene lamanzere linkangoona mbuu. Ndinachita kutsinzina diso limodzi mpaka mutu unayamba kuwawa. Nthunziyo imachoka dzuwa likakwera, koma pofika nthawi imeneyo asodzi amakhala atadzaza padoko ndipo mbalame zasunthira kutali. Anzanga anandiuza kuti ndiwakwirire mumpunga wosaphika usiku wonse. Zinathandiza kwa kanthawi chabe, ndipo tsopano m'mbali mwa galasilo mwayamba timizere tonga ulusi wa kangaude, chizindikiro chakuti mkatimo mwamera nguwi.

Pakatoni pake analemba kuti salowa madzi. Magalasi oterowo amatsekedwa ndi timphete ta labala ndipo mkati amapoperamo mpweya wouma wa nitrogen, kotero kuti nthunzi ikaoneka mkati ndiye kuti penapake pakulowa mpweya wakunja.

Pena mtima umabwerera. Tsiku lina masana ku Monkey Bay ndinaona osprey, mlendo wosaonekaoneka amene ambiri amamusokoneza ndi nkhwazi yaing'ono, akugwera m'madzi ndi mapazi n'kutuluka ndi nsomba. Magalasi anali ouma, mzere wakuda wodutsa padiso lake unkaoneka bwino, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikunena kuti ndalama zanga sizinapite pachabe.

Amene wandibwezera mkwiyo ndi wogulitsa. Sitolo yake ili ku Blantyre, ndipo palisiti analembapo yekha kuti katunduyu akavuta chaka chisanathe adzakonza kapena kusintha. Nditamuimbira foni anandiyankha kuti, "Bwana, kapena munawagwetsera m'nyanja?" Kenako anati akhoza kuwatumiza ku South Africa malinga ndilipire ulendo wopita ndi wobwera, ndipo ndalama imene anatchula ikuyandikira theka la mtengo umene ndinagulira. Ndakana, ndipo ndamutumizira chithunzi cha lisitiyo pa WhatsApp, chimene wachiona koma sanayankhe.

Choncho achimwene, inu amene mumakhala pamadzi tsiku ndi tsiku, musagule amenewa. Onjezerani ndalama mupeze otsekedwa bwino, ndipo wogulitsa alembe palisiti kuti nthunzi ikalowa mkati adzasintha popanda inu kulipira kanthu.